Njira za Phulusa pa Kantina

Alendo akafika pa Kantina amaseka misewu yathu. Amati amene anayeza tawuni ino anali ataledzera, chifukwa njira ya kuchitsime imakhota popanda mtengo, popanda mwala, ndipo ya kumsika imazungulira ngati mkamwini wozemba apongozi. Aseke. Ine ndilibe nthawi yopeka nkhani, ndili ndi ana, ndili ndi munda. Izi anandiuza Belmira mwini wake tikusinja mtondo umodzi, ndipo a Laurindo okonza njinga aja, a mwendo umodzi, anaona ndi maso awo. Kawafunseni. Akakhala chete musawakakamize.

Nkhondo itatha, anthu amene anathawira ku Malawi anayamba kubwezedwa pa malole. Belmira anali atakhala zaka zambiri pa kampu ina kutsidya kwa Muloza. Popita anali ndi mwamuna wake Florentino ndi khanda kumbuyo, Nelsa. Pobwera khanda lija linali mtsikana wotha kusenza ndowa, ndipo mwamuna anali m'manda. Kolera.

Kwathu kuno munthu sasiyidwa kudziko la eni. Ngati mafupa sungathe kunyamula, umatapa dothi la pamanda ake, kumanga pakansalu, n'kumamuuza njira yonse pomutchula dzina: tikukwera galimoto, tikuwoloka mtsinje, tafika. Kunyumba umathira dothilo pakona n'kuzira. Basi, wabwera naye.

Vuto linali loti a kolera sankaikidwa ndi abale. Ankaikidwa ndi amuna ovala mapulasitiki, mofulumira, m'mizere, abale ataima patali. Belmira chimene anasunga m'mutu ndi chitsa cha mtengo. M'mawa wa ulendo atathamangira kumanda, anapeza mitumbira itaphwa ndi mvula, udzu wofika m'chiuno, ndipo zitsa zinali ziwiri. Kumsewu lole inali ikuliza hutala. Mwana, mphika, lona, zonse zinali zitakwera kale. Anayang'ana chitsa ichi, anayang'ana icho. Hutala inaliranso. Anagwada pa chakumanja n'kutapa.

Pa mlatho wa Muloza anaika pakamwa pafupi ndi kansaluko. “Bambo a Nelsa, tikuwoloka.” Amayi ena m'lolemo ankanong'onezanso timafukusi tawo. Palibe anaseka mnzake.

Lole sinawafikitse kumidzi kwawo. Inawatsitsa pamsewu wa ku Majaua, pabwinja la kantina, sitolo ya Mpwitikizi, makoma okhaokha opanda denga. A Hilário, amene boma linawaika kukhala sekeretale wa malowo, anali munthu wofatsa, wotsokomola nthawi zonse. Anayenda ndi chingwe kugawa malo m'mbali mwa msewu, banja lililonse kachigawo kokwana nyumba ndi pophikira. Kuseri kwake kunali miyala yopakidwa penti yofiira. Kupitirira miyalayo kunali mina, mabomba okwirira pansi aja. Ochotsa mina akubwera, anatero a Hilário. Liti? Akubwera.

Ndiye taganizani. Minda ya makolo ikuoneka apo. Mango akupsa n'kugwa okha apo. Chitsime chakale chili apo pamkuyu, inu mukumwa madzi a m'ngalande ya msewu pamodzi ndi achule. Chimanga cha thandizo chinali cha miyezi yochepa, ndipo malole ena ankatsitsabe anthu. Mbuzi ya wina inadutsa miyala, zidutswa zake zinagwera padenga la eni. A Laurindo anati angodula mitengo iwiri ya phaso, pafupi pomwepa. Ndi mmene anakhalira munthu wogwira ntchito atakhala pansi.

Belmira anamanga kanyumba kake, kufolera ndi lona, n'kuthira dothi lija pakona ya kumutu kwa mphasa.

“Bambo a Nelsa, tafika. Si pamudzi penipeni, koma ndi dziko lanu. Gonani.”

Anazira bwinobwino n'kupita kukasaka nkhuni za m'mbali mwa msewu.

Choyamba chinali fungo. Dzuwa likamalowa, m'nyumbamo munkamveka fodya wa chingambwe. Florentino sankasuta, chifuwa chake sichinkalola. Pansi pa fodyayo panali fungo lina, la mafuta opukutira zitsulo ndi la nsapato zonyowa. Nkhuku imodzi imene anabwera nayo inakana kulowa, inkagona panja pa mulu wa nkhuni. Nkhululu zinkalira mbali zonse za nyumba kupatula pakona ija.

Kenaka Nelsa anayamba kudya chiimire. Msana kukhoma, maso kukhomo, dzanja lamanzere, kumeza osatafuna.

“Ukudya ngati wakuba bwanji? Khala pansi.”

Mwanayo anamuyang'ana. Belmira anati mayang'anidwe amenewo anali atawaonapo, koma osati pa mwana. Anawaona pa zipata za asilikali.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Belmira ankachapa kungalande. Anamva dzanja paphewa. Anali Januária, komadre wake, amene anamugwirira Nelsa pa ubatizo ku kampu. Nayenso anali wamasiye, wa ana ambiri, wamkulu wake Rosita anali msinkhu umodzi ndi Nelsa.

“Komadre. Imirirani pang'onopang'ono. Musakuwe.”

“Chachitika n'chiyani?”

“Musakuwe, ndati.”

Nelsa anali kuseri kwa miyala yofiira.

Sankayenda ngati mwana. Ankatalikitsa miyendo ngati bambo wovala jombo, manja kumbuyo. Anaima. Anayang'ana chulu, anayang'ana mtengo wa mango, milomo ikugwedera. Anapatukira kumanzere, n'kuzungulira malo osalala opanda kanthu. Anayendanso. Anaimanso. Anthu anadzaza m'mbali mwa miyala, amayi atagwira ana pakamwa. Palibe anatsokomola, ngakhale a Hilário. Belmira anapezeka atagwada, akuluma chitenje chake. Akaitana, mwana atembenuka. Akatembenuka, aponda pena.

Mwanayo anafika pamkuyu, anasuzumira m'chitsime, n'kubwerera akuponda m'mapazi ake omwe. Atadutsa miyala anakhala pansi.

“Amayi, anthuwa akuyang'ana chiyani?”

Belmira anamupatsa mbama, kenaka n'kumukumbatira. Miyendo ya mwanayo inali yozizira mpaka m'maondo, ngati watuluka mumtsinje. Dzuwa likuswa mtengo chotero.

M'mawa mwake Januária anatenga ndowa. Anaima pamiyala, anadzilemba mtanda, n'kuika phazi lake m'phazi la Nelsa. Anapita, anabwera ndi madzi oyera. Wina anaganiza zothira phulusa m'mapaziwo kuti mphepo isawafufute. Pofika madzulo mzere woyera unali utakhotakhota kuchokera pamsewu kufika pamkuyu, ndipo pa Kantina ponse anthu anamwa madzi opanda matope koyamba.

Atatero kamodzi, zinapitirira. Patapita masiku Nelsa anayenda kupita kumango. Kenaka kubwinja la sukulu. Kenaka kuchitunda kumene kuli msika lero. Kumbuyo kwake anthu ankatsata ndi zitini za phulusa, ndipo pambuyo pa phulusa pankabwera makasu, kukulitsa njira pang'onopang'ono, ndi chingwe cha a Hilário. Pamene mwana wazungulira, iwo ankazika chikhomo n'kuzunguliranso. Misewu mumasekayi ndi imeneyo.

Anthu anati ndi mzimu wa bambo ake ukuthandiza mudzi. A mpingo anati ndi Mulungu. Magulu onse awiri ankafika pakhomo pa Belmira kusanache, atakhala chete panja, zitini zikugundana pang'ono. Ankabweretsa mazira, kashuga papepala, wina mpaka nsapato. Nsapatozo mwana ankazivula akamayenda. Palibe amene ankaona kuti mafupa a m'khosi mwake atuluka. Akabwerako ankagona tsiku lonse ngati mtembo. Kuzizira kuja kunachoka m'maondo kufika m'chiuno.

Belmira anayesa kutseka chitseko ndi mtondo. Anapeza mtondo utaimikidwa bwino pambali. Ndiye anamanga mwendo wa mwana ku mwendo wake ndi chitenje, mfundo zitatu, n'kugona maso ali gwa.

Tambala woyamba atalira, fodya uja anadzaza nyumba. Nkhululu zinaleka. Anamva zala zikumasula mfundo, modekha, mosafulumira. Panja zitini zinali zitafika kale.

Belmira anadzuka n'kukhala tsonga. Mantha analipo, koma kutopa kunali kwakukulu kuposa mantha.

“Florentino,” ananong'ona. “Mwana wako yemwe? Ukufuna ndimuike m'manda ndi dengu?”

Zala zinaima.

“Florentino ndani?”

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Nelsa, koma anali a mwamuna, osasa, a Chinyanja chophunzira ukulu.

Belmira anamva mkodzo ukufuna kutuluka. Anaugwira.

“Ndinu yani?”

Belmira anamugwira mwanayo pamkono n'kufunsanso.

“Mukuzidziwa bwanji njirazi?”

“Ndinakwirira ndine.”

Panja wina anayetsemula, wina n'kumuletsa.

“Zonse mukuzikumbuka?”

Anamva mwanayo akukanda mutu, mmene amakandira bambo wamkulu.

“Zambiri.”

M'mawa umenewo Nelsa sanatuluke, chifukwa Belmira anamugonera pamwamba mpaka dzuwa litakwera, akumenyedwa zigongono za mphamvu zosakhala za mwana. Fungo litachoka anatenga khasu n'kuyamba kukumba pakona.

A Hilário anafika atavula chipewa, anthu ali pambuyo pawo.

“Mayi a Nelsa, mukugumula nyumba?”

“Ndikubweza mlendo kwawo. Ndinatapa manda a eni. Amene akuyendetsa mwana wanga si bambo ake, ndi amene anatchera zinthuzi. Wanena yekha.”

Anthu anayang'anana. Belmira ankadikira kuti wina akuwe, kapena athawe. Palibe anathawa.

“Ndiye kuti akuzidziwadi,” anatero mwamuna wina kumbuyo.

“Wati zambiri. Sanati zonse.”

A Hilário anatsokomola nthawi yaitali. “Mayi, sindikukulamulani. Ndikupempha. Yatsala njira imodzi, ya kudambo. Dambo lija lingadyetse tonse, ndi amene akubwera. Mvula ili pafupi. Thandizo latha, mwamva nokha. Ikatipeza mvula tili pamsewu pano, chaka chamawa ndikhala ndikugawa malo a manda.”

“Tumizani mwana wanu.”

“Wanga sayenda ngati wanuyu.”

“Ndiye thokozani Mulungu.”

Januária anagwada pakhomo. “Komadre, kamodzi kokha. Wayenda kangati osavulala? Ana anga dzulo agonera mango.”

“Inu munamugwira mwana ameneyu pamadzi a ubatizo. Tamugwireni pamimba apa mumve.”

Januária sanamugwire. Anayang'ana pansi.

Belmira anadzaza dengu, kulisenza, kugwira mwana padzanja, ulendo wa pansi mpaka kuboma la Milange. Pachipata cha malire msilikali anavundukula dengu, anaona dothi, anayang'ana nkhope ya mayiyo, n'kuvundikira osafunsa. Pamlatho Belmira anaima. Dzina loti atchule analibe.

“Inu amene sindikudziwani, tikuwoloka. Tsogolani.”

Kampu ija kunalibenso. Nyumba zinagumulidwa, eni nthaka anali atabwerera m'minda yawo, ndipo pamene panali manda panali mizere yodikira mvula. Zitsa zonse ziwiri zinazulidwa. Mayi wina amene ankalima pamenepo anamvetsera nkhaniyo khasu lili paphewa, n'kuloza ndi mlomo kumapeto kwa munda. Belmira anakhuthula dengu, kuligogoda, n'kulisiya pomwepo. Dothi lina sanatape. Anapepesa kwa Florentino chamumtima, anamuuza kuti akhale kumeneko, ku Malawi kulibe nkhondo.

Pobwerera Nelsa anayamba kudandaula. Miyendo ikuwawa, njala, mundigulire nzimbe, mundibereke. Belmira anati m'moyo mwake sanakondwerepo ndi kulira kwa mwana ngati tsiku limenelo. Anamugwira mapazi, anali otentha ndi fumbi la msewu.

Anafika pa Kantina madzulo. Palibe anabwera kudzawalonjera, ngakhale Januária. Polowa m'nyumba Belmira anaona kuti dzenje la pakona lakula. Iye anakumba ndi khasu. Apa m'mbali monse munali mizere ya zala, wina atapala mpaka dothi lofiira la pansi.

Anakhala pamphasa n'kuyang'ana dzenjelo mpaka mdima unaliphimba.

Kusanache anamva zitini.

Zinkabwera kuchokera kumsewu. Zinayandikira. Anagwira Nelsa pamimba. Wotentha, akuliza mkonono, dovu patsaya. Zitini zinafika pakhomo pake. Sizinaime. Zinapitirira.

Anatuluka osavala mpango. Kunja kunali mbuu, kamphepo kakubweretsa fungo la chingambwe kuchokera kunyumba ya Januária. Anthu anali ataima pamiyala ya kumunsi, yoyang'ana kudambo. Kutsogolo kwawo, m'udzu wouma, kamtsikana kankayenda manja kumbuyo, kakutalikitsa miyendo.

Rosita.

Januária anali ataima yekha, atafumbata chitini pachifuwa.

“Komadre, mwachita chiyani?”

“Ndimati agwira ine.” Mawu ake anali ouma. “Ndinapala dothi lotsala pakona panu, ndinazira pamene ndimagona ine. Ndinamupempha. Ndinati tengani ine, ndine wamkulu.”

“Muitaneni.”

“Wadutsa kale miyala.”

Rosita anazungulira chulu. Anapatukira kumanja. Anadutsa pakati pa mitengo iwiri ya mthethe. Phulusa linayamba kutsata, patali, mwakachetechete. Dambo linkaoneka kutsogolo, lobiriwira, nkhungu itagona pamwamba pake. Njiwa inkalira kwinakwake. Inaleka.

Mwanayo anaima.

Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anayang'ana mtengo umene unali utapsa ndi moto wolusa, n'kukanda mutu.

Anakweza phazi. Analibweza.

Analikwezanso.

Linakhala m'mwamba nthawi yaitali. 

Kenaka linatsika.

Za phokosolo sindilemba. Amene analimva safuna kulikumbuka, amene sanalimve sangalimvetse. Amuna anatsata phulusa mpaka padzenje n'kutola zimene anatha kufikira osasuntha phazi. Zinakwana m'chitenje chimodzi. Manda a pa Kantina anayamba ndi mwana ameneyo, a Hilário anayeza malowo ndi chingwe chawo chomwe chija. Januária sanalire pamaliro. Atabwerako anatulutsa ana ake ndi mphika, n'kuyatsa nyumba yake yekha.

Tsiku lomwelo kunagwa mvula yoyamba. Inagwa yamphamvu, inakokolola phulusa m'njira zonse, inasalaza nthaka ngati pozira.

Kutacha a Hilário anapita kukazika chikhomo padzenje paja, kuti pasadzapite munthu. Anabwerera chipewa chili m'manja, akuloza kudambo. Anthu anapita kukaona, Belmira nayenso.

Kutsidya kwa dzenje, m'matope atsopano, munali mapazi. Aang'ono, opanda nsapato, chala chachikulu cha kumanzere chopindika mmene chinalili cha Rosita. Anayambira pamlomo penipeni pa dzenje. Sanali otalikirana ngati a bambo wa jombo. Anali mapazi a mwana, oyandikana, ena akuya kuzala ngati ankadumphadumpha. Anakhota, anazungulira, anatsetsereka mpaka kukalowa m'udzu wa kudambo. Obwerera panalibe.

Madontho a mvula anali atabowola matope paliponse. M'mapazimo munalibe dontho ngakhale limodzi.

Anthu anaima. Wina anayamba pemphero n'kulisiya pakati. Nthaka inkanunkhira mvula, fungo limene mlimi aliyense amalimva m'mimba. Kumbuyo kwawo, kumsewu, lole ina inali ikutsitsa anthu.

Januária anadutsa pakati pawo. Chitini chake chinali chodzaza phulusa la nyumba yake yomwe. Anazungulira dzenje, n'kuyamba kuthira, osati m'mapazimo, koma m'mbali mwake.

Belmira anabwerera kunyumba. Anakutumula thumba la chimanga, munagwa nankafumbwe ndi timaso tochepa. Nelsa anali atakhala pakhomo akusewera ndi nkhuku, imene inali itayambanso kulowa m'nyumba.

“Amayi, tidya chiyani?”

Belmira anamukoka dzanja mpaka kwa a Laurindo, amene anali atakhala pansi pa khoma la kantina.

“Achimwene, mundigwirire uyu. Akafuna kuyenda, mumumenye ndi ndodo yanuyo.” Anatembenukira kwa mwanayo. “Iwe, ukasuntha pano ndidzakuthyola miyendo ndekha. Wamva?”

Anamanga mbewu pansonga ya chitenje, anatenga khasu. Padzenje panali mzere wa anthu, aliyense khasu paphewa, aliyense maso pansi. Itafika nthawi yake, Belmira anapeza kuti phazi lake ndi lalikulu, silingakwane. Anayenera kuyenda chonyang'ama, kuponda ndi zala zokha. Matope a m'mbali anali ozizira. A m'mapazimo anali ofunda.

Kutsogolo, Januária anayankhula osacheuka.

“Pondani bwino, komadre. Musamufufute.”